Mafoni apeputsa ulendo wokwera phiri la Dedza

Akonzi,

Ndiloleni ndiyamikire mmene mafoni amakono apeputsira maulendo okwera mapiri kuno ku Dedza. Loweruka lina m'mamawa mnzathu analemba pagulu lathu la WhatsApp kuti tikakwere phiri la Dedza tsiku lomwelo, ndipo dzuwa lisanakwere tinali titagwirizana kale, ndalama za kamba titasonkha kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, popanda woyenda khomo ndi khomo.

Phirili ndi lalitali mamita pafupifupi 2,200, ndipo amene amalidziwa angavomereze kuti chifunga chimatsika mwadzidzidzi n'kubisa njira, makamaka m'nyengo yozizira. N'chifukwa chake tinayamba taona ulosi wa zanyengo pafoni, kenako tinasungiratu mapu a deralo pa Google Maps kuti azitsegukabe netiweki ikavuta, pakuti GPS imasonyeza pamene munthu ali ngakhale bandulo itatha.

Chimene chimandiwawa n'chakuti anzanga ena obadwira konkuno sanaonepo zojambula zamakedzana za m'mapanga a Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Ndikupempha akuluakulu oona zokopa alendo kuti aike pa intaneti njira zokafikira kumeneko, manambala a anthu operekeza alendo komanso mitengo yake.

Wowerenga wanu,
Dedza