Chimene chinapambanitsa Chicago Cubs mu 2016 si mbuzi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za masewero a baseball, omwe ambiri kuno kwathu sitiwatsatira, chifukwa muli nkhani yotikhudza ife okonda mpira wamiyendo. Ligi ikamapita kumapeto, pa depoti ya Dedza ndi pamalo osewerera bawo nkhani imakhala imodzimodzi: timu yakuti yatuluka chifukwa inalodzedwa, yakutiyakuti yatenga chikho chifukwa ili ndi sing'anga woopsa wa kutsidya kwa malire. Ine ndimaphunzitsa anyamata mpira ndikaweruka kuntchito, ndipo zimandiwawa ndikamva mwana wa zaka 14 akulankhula zomwezo ndi mtima wonse.

Baseball ndinaidziwira kwa alamu anga amene amakhala ku South Bend, ku Indiana, komwe kuli Amalawi ambiri ndithu. Mumzindawo muli timu yaing'ono ya South Bend Cubs, imene imasula achinyamata a timu yaikulu ya Chicago Cubs. Alamuwo ndiwo ankanditumizira timakanema pa WhatsApp mpaka ndinayamba kumva mmene masewerowa amayendera. Wina amaponya mpira, wina amaumenya ndi ndodo n'kuthamanga kuzungulira malo anayi, akabwerera pomwe anayambira ndiye kuti timu yake yapeza pointi. Masewero amodzi amakhala ndi zigawo 9. Timu iliyonse imasewera ka 162 pa chaka, pafupifupi tsiku ndi tsiku kuyambira kumapeto kwa March kapena kumayambiriro kwa April mpaka kumapeto kwa September, pamene athu mu ligi yaikulu amasewera ka 30.

Timu ya Cubs inatenga chikho chachikulu cha World Series mu 1908, kenako inakhala zaka 108 osachikhudzanso. Anthu anabadwa, kukalamba, n'kuikidwa m'manda asanaone timu yawo itapambana. Ndipo musaganize kuti zokhulupirira matsenga n'zathu zokha. Mu 1945 mwini bala wina dzina lake William Sianis anapita ndi mbuzi yake ku bwalo la Cubs la Wrigley Field kukaonera World Series, anamutulutsa pamodzi ndi mbuziyo, ndipo anthu amati anaitemberera timuyo. Kuyambira pamenepo kugonja kulikonse ankakukankhira mbuzi. Anayesa kubweretsa mbuzi zina pabwalo kuti apepese. Mu 2004 anaphulitsa mpira wina umene ankati unawabweretsera tsoka chaka cha 2003. Mu 2008 wansembe anawaza madzi odalitsa pomwe osewera amakhala, koma Los Angeles Dodgers inawakwapula katatu kotsatizana n'kuwatulutsa. Zonsezi sizinaphule kanthu.

Zinthu zinayamba kusintha kumapeto kwa 2011, eni timu atalemba ntchito Theo Epstein, yemwe anachokera ku Boston Red Sox. Iye sanawanamize ochemerera, anawauza kuti kumanga timu kutenga zaka. Mu 2012 Cubs inagonja ka 101. Mu 2013 inagonja ka 96, mu 2014 ka 89. Tangoganizani, Akonzi, kuno kwathu akanatsala ndani pampando? Koma m'zaka zowawazo ndi mmene ankasonkhanitsa anyamata. Anthony Rizzo anamutenga ku San Diego mu 2012. Kyle Hendricks anabwera chaka chomwecho kuchokera ku Texas, ali mnyamata wosadziwika amene saponya n'komwe mpira waliwiro. Jake Arrieta anamutola ku Baltimore mu 2013, komwe ankaoneka ngati walephera. Kris Bryant anamusankha mu 2013 akuchokera ku yunivesite, Kyle Schwarber mu 2014. Makochi anasintha kawiri, Joe Maddon n'kubwera mu 2015, koma pulani ya kumanga pa achinyamata sinagwedezeke.

Wina anena kuti ku America kuli ndalama, ndipo sindikana. Woponya mpira Jon Lester anamupatsa kontirakiti ya madola 155 miliyoni. Koma ndalamazo anazitulutsa achinyamata aja atayamba kukhwima, pofuna kutseka mipata yochepa imene inatsala. Ndipo Cubs inali timu yolemera zaka zonse zimene inkagonja zija.

Mu 2016 inapambana ka 103, kugonja ka 58, kufanana mphamvu kamodzi, kuposa timu ina iliyonse chaka chimenecho. Bryant, ali ndi zaka 24, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu National League, ligi imene Cubs imaseweramo. Hendricks uja ndiye anali woponya wovuta kumupezera mapointi kuposa onse. Arrieta mu April anasewera ndi Cincinnati masewero athunthu popanda womenya ndi mmodzi yemwe kufika pamalo oyamba chifukwa chomenya bwino mpira, Cubs n'kupambana 16 kwa 0. Mu ndime za chipulula anachotsa San Francisco Giants, kenako Dodgers.

Ndime yomaliza, yomwe ndiyo World Series, anakumana ndi Cleveland, timu yomwe nayonso inali isanatenge chikhochi kuyambira 1948. Amene wayamba kupambana kanayi ndiye mwini chikho. Atasewera kanayi, Cleveland inali patsogolo 3 kwa 1, ndipo nkhani ya mbuzi inayambiranso. Cubs inapambana kawiri kotsatizana. Masewero achisanu ndi chiwiri anachitikira ku Cleveland pa 2 November, kuno kunali cha m'ma 2 koloko usiku wolowera pa 3. Ndinakhala pakhonde ndi foni kuti ndisadzutse ana, netiweki ikuduladula, alamu akundiimbira chigawo chilichonse chikatha. Cubs inatsogola 5 kwa 1, kenako 6 kwa 3. David Ross wa Cubs, bambo wa zaka 39 amene ankasewera komaliza m'moyo wake, anaumenya mpira mpaka kunja kwa mpanda. Koma mu chigawo cha 8 Rajai Davis wa Cleveland anachita chimodzimodzi kwa Aroldis Chapman, woponya wa Cubs waliwiro loopsa, zinthu n'kukhala 6 kwa 6. Alamu anangodula foni osatsanzika.

Chigawo cha 9 chitatha kunagwa mvula, masewero anaima mphindi 17. Apa ndi pamene ndimakonda kuwafotokozera anyamata anga. Jason Heyward, amene chaka chonsecho ankamenya mpira mosakhutiritsa ngakhale ankalandira ndalama zambiri, anaitanira anzake m'kachipinda kochitira majimu n'kuwakumbutsa kuti iwo ndiwo anali timu yabwino kuposa onse chaka chimenecho. Atabwerera kudzasewera chigawo choonjezera cha 10, poti anali akadali 6 kwa 6, woyamba kumenya anali Schwarber. Mnyamata ameneyu anaduka mitsempha ya bondo sabata yoyamba ya ligi mu April, anakhala miyezi 6 akuchira, timu osamutaya, ndipo anabwerera mu World Series momwemo. Anamenya bwino n'kufika pamalo oyamba. Ben Zobrist ndi Miguel Montero anabweretsa mapointi awiri. Cleveland inabweza imodzi, koma mpira womaliza unagubuduka kupita kwa Bryant, iye n'kuponyera Rizzo, masewero kutha 8 kwa 7. Kuno dzuwa linali litatuluka, anthu akupita kukalima mizere.

Onani amene anagwira mpira womalizawo: wina anamusankha mu 2013, wina anamutenga mu 2012, m'zaka zimene timu inkasekedwa ndi aliyense.

Chaka chatha ndinapita kukaonera masewero a ligi yaing'ono pa bwalo lina kuno kwathu. Alendo anakana kulowera pageti, anakwera mpanda. Eni bwalo nawo anakana kuyamba mpaka wina atakumba pagolo kufuna chimene ankati chakwiriridwapo. Mpira unayamba mochedwa, n'kutha mdima utagwa. Mmodzi mwa osewera, mnyamata amene ndinamuphunzitsapo, anandiuza kuti ndalama ya kwa sing'anga inapezeka msanga, koma iwo anabwera pa lole atangodya chimanga chootcha, ena atabwerekana nsapato. Winanso anavulala bondo miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo palibe wa komiti anapitako kukamuzonda. Mwana wotere mudzamuuza bwanji kuti thukuta la ku maphunziro ndilo limapambanitsa?

Dedza ndi Ntcheu kuli ana aluso, kuyambira ku Lobi, Linthipe, Mayani mpaka ku Lizulu ndi Tsangano. Chimene chikusowa ndi akuluakulu olimba mtima kunena poyera kuti chaka chino sitikulimbirana chikho, tikukulitsa ana awa, ndipo tiwasunga ngakhale avulale. Ochemerera nafenso tiyenera kuleka kutukwana kochi timu ikagonja kawiri.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti ligi ikatha atolankhani anu asangotilembera amene watenga chikho ndi amene watuluka. Atiuzenso kuti timu iliyonse inaseweretsa anyamata angati osafika zaka 20, angati anachokera ku timu yake yaing'ono, ndiponso ovulala anathandizidwa motani. Ndipo munthu wa komiti akadzatchula za mankhwala pofotokoza kugonja, mtolankhani amufunse kuti osewera ake analandira liti malipiro awo omaliza.

Mphunzitsi wa mpira wa achinyamata,
Linthipe, Dedza