Kwa inu a kampani ya app yoyitanira galimoto: ndibwezereni R93 yanga

Ndikulemba pano poyera chifukwa mu app yanu ndadandaula katatu, ndipo katatu konseko wandiyankha ndi makina, mawu ake omweomwewo.

Ndimagwira ntchito kukhitchini ya lesitilanti ina ku Rosebank mu Joni muno, ndimakhala ku Rosettenville. Timaweruka cha m'ma 11 koloko usiku. Nthawi imeneyo sitima ya Gautrain imakhala itatseka kalekale, komanso iyo imathera pa Park Station, kwathu sifika. Matakisi nawo usiku ngati umenewo ndi osadalirika. Ndiye ife a shifiti ya usiku amatifikitsa pakhomo ndinu. Sindibisa, app yanu yatithandiza. Nkhope ya dalaivala ndi nambala ya galimoto ndimaziona ndisanakwere, ndipo mayi a kunyumba amatsatira ulendo wanga pafoni yawo mpaka nditagogoda pageti. Amene anayendapo usiku m'tauni ya Joni akudziwa kuti zimenezi si zazing'ono.

Lachisanu lapitali kunagwa chimvula chamabingu. Ulendo umene ndimalipira R110 munaukweza kufika R260. Ndinavomera, nanga ndikanagona kuti? Dalaivala woyamba anandiimbira kufunsa ngati ndilipira kashi kapena pakhadi. Nditati pakhadi, anadula foni. Kagalimoto kake pamapu kanangoima malo amodzi mphindi 15, ine ndikunyowa pakhonde la shopu, data ikutha. Nditatopa ndinauletsa ulendowo, inu n'kundidula R35 yachilango. Chilango cha chiyani, poti amene sanabwere ndi iyeyo?

Wachiwiri anabwera, munthu waulemu ndithu. Koma maloboti angapo anali atazima, msewu wina madzi anali atadzaza, tinachita kuzungulira. Ndikufika kunyumba, uthenga wa kubanki ukuti mwatenga R318, osati R260 imene tinagwirizana ija. Usiku umodzi R353. Malipiro otsikitsitsa amene boma la South Africa linakhazikitsa mu March 2025 anali R28.79 pa ola. Muwerengere nokha: ndi thukuta la maola 12 limenelo, la munthu amene akulipira lendi kuno komanso kutumiza ya feteleza kumudzi.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi ichi. Makompyuta anu amadziwa pamene ndaima, ngakhale mbali ya msewu imene ndili. Amadziwa kuti mvula yayamba, mtengo n'kukwera nthawi yomweyo. Ndiye kuti galimoto ija sinasunthe mphindi 15 akudziwanso, umboni uli kwa inu komweko. Nanga bwanji nzeru zonsezi zimathamanga potenga ndalama, koma pobweza ndiye mukuti nditumize zithunzi, ndifotokozenso kuyambira pachiyambi?

Dalaivala uja sindikumuda kwenikweni. Ambiri mwa iwo ndi anzathu obwera ngati ife, petulo amagula okha usiku womwewo, inu mutachotsa kale gawo lanu. Akufuna kashi chifukwa ya pakhadi imachedwa kuwafika. Vuto limenelo ndi la inu ndi iwo, koma mwalisenzetsa ine wokwera.

Mukumbukire za e-toll, zipata za makina zolipiritsa magalimoto pamisewu ikuluikulu ya chigawo chino cha Gauteng. Zipata zija zinayamba kulipiritsa mu December 2013 pa misewu ya N1, N3, N12 ndi R21, makamera akuwerenga nambala ya galimoto iliyonse. Makinawo ankagwira ntchito, koma anthu a ku Gauteng anakana kulipira mabilu amene sanawavomereze, mpaka mu April 2024 zipatazo zinazimitsidwa. Anthu omwewo ndi amene akukwera magalimoto anu lero.

Ndikupempha R35 yachilango ija ndi R58 imene munaonjezera pamwamba, zonse R93, zibwerere ku akaunti yanga. Ndiponso mutipatse nambala yafoni imene tikaimba ayankhe munthu wamoyo, usiku womwe, chifukwa mavuto athu amachitika usiku. Tsatanetsatane wa maulendo awiriwo ndatumiza kale ku inbox yanu. Lachisanu likubwerali ndilinso pa shifiti ya usiku, mundiyankhe lisanafike.