Kachubu ka mumtsempha wa mwana kafuna manja oyera

A Mkonzi,

Tiloleni tikambeko za kachubu kamene madokotala amalowetsa mumtsempha waukulu wa mwana wodwalitsitsa, kaya pakhosi, pachifuwa, m'mphechepeche, kapena pamchombo ngati ndi khanda. Achipatala amati central line. Kamasiyana ndi kanula wa padzanja chifukwa nsonga yake imakhala mkati mwa mtsempha wopita kumtima, choncho tizilombo tikalowa timafalikira m'magazi onse. Malawi ali ndi ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya) ya ana ku Mercy James Centre ku Blantyre kuyambira 2017, ndiye nkhaniyi ndi yathu.

Mu 2006, Dr Peter Pronovost ndi anzake adaonetsa kuti m'ma ICU 103 a ku Michigan, ku America, matenda a m'magazi odzera m'kachubuka adatsika ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Sadagule makina atsopano. Ankasamba m'manja, kuvala zodzitetezera zonse, kutsuka khungu ndi mankhwala opha tizilombo a chlorhexidine, ndi kuchotsa kachubu kakatha ntchito.

Koma kulowetsa ndi kwa tsiku limodzi. Ngozi yaikulu ili pakamwa pa kachubu, pomwe namwino amalumikiza sirinji kambirimbiri usana ndi usiku. Pamenepa mpofunika kupukuta mwamphamvu ndi spiriti kwa masekondi 15, kenako kudikira paume. Kulumikiza pakadali ponyowa n'kutaya nthawi, chifukwa spiriti amakhala asanamalize kupha tizilombo. Chophimba pomwe kachubu kalowera pakhungu, chikakhala choonekera mkati chisinthidwe pa masiku 7, chikakhala cha kansalu ka gozi pa masiku 2. Chikanyowa ndi masanzi, dovu kapena mkodzo, kapena chikamatuka, chisinthidwe pompo. Mwa ana zimenezi zimachitika kawirikawiri. Paipi yomwe yadutsa magazi isapitirire maola 24. Kwa makanda obadwa masiku asanakwane, chlorhexidine amatha kuwotcha khungu, choncho asathiridwe mpaka kudikha pansi pa mwana.

Tikupempha oyang'anira zipatala kuti spiriti, magolovesi ndi zophimba zikhale pambali pa bedi, osati zokhomeredwa mukabati. Namwino mmodzi akamayang'anira ana ochuluka, masekondi 15 aja ndi amene amayamba kudumphidwa.

Amayi odikirira odwala nawo aphunzitsidwe. Mayi ndiye amayamba kuona mwana akukoka paipi, khungu litafiira kapena thupi litatentha, ndipo asaope kuitana namwino. Pa raundi ya m'mawa uliwonse, dokotala ndi namwino azifunsana ngati kachubuko kakufunikabe. Ngati ayi, kachoke tsiku lomwelo.

Anamwino a ana,
Blantyre