Kuno kuchigwa, graphics card musaigulire ma GB okha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi achinyamata a ku Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje amene akusunga ndalama zogulira graphics card, khadi ya m'kompyuta yopanga zithunzi zooneka pa sikirini, kaya ndi yosewerera kunyumba kaya yoika m'shopu ya magemu. Ambiri amangofunsa kuti ili ndi ma GB angati a memory. Kuno funso loyamba lizikhala lakuti: imadya magetsi ochuluka bwanji, nanga kutentha imakutulutsa motani?

Magetsi onse amene khadi yadya amasanduka kutentha. RX 580 imakoka mawati 185, RTX 3060 imakoka 170, pomwe GTX 1650 imakhutira ndi 75. Kutenthako kumachoka pa chip, kudutsa mu thermal paste (phala lopakidwa pamwamba pa chip), kulowa m'timapaipi ta kopa, kufalikira pa tizitsulo ta aluminiyamu totchedwa heatsink, mafani n'kukupemerera kunja. Komatu fani imaziziritsa ndi mpweya umene yaupeza m'chipindamo. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumafika madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i kumaposa apo. Khadi imene m'chipinda cha madigiri 25 imaima pa 70, kuno ikwera mpaka cha m'ma 85. Makhadi ambiri a NVIDIA akafika pa 83 amadzichepetsera okha liwiro. N'chifukwa chake gemu imadukiza masana, usiku n'kumayenda bwinobwino, mwiniwake n'kumasakasaka vairasi yomwe kulibe.

Choncho sankhani ya mafani awiri kapena atatu, ya heatsink yokhuthala, mutayeza kaye ngati ikwane m'bokosi la kompyuta. Makhadi ambiri atsopano amaimitsa mafani akakhala ozizira. Ikani pulogalamu yowongolera khadi yotchedwa MSI Afterburner, muitchere kuti mafani aziyamba msanga, ndipo power limit, malire a magetsi amene khadi ingadye, muitsitse kufika pa 80 peresenti. Liwiro limatsika pang'ono chabe, koma khadi imapuma.

Pa magetsi ndi pamene ambiri amawotchera ndalama. Polowetsa khadi pa motherboard pamapereka mawati 75 okha, chingwe cha 6-pin chimawonjezera 75, cha 8-pin 150. RTX 3060 imafuna power supply ya mawati 550. Musayerekeze kulumikiza khadi yotere ndi adaputa yochokera pa chingwe cha SATA, chifukwa chingwecho sichinapangidwire mphamvu zimenezo ndipo chimasungunuka. Poti magetsi amazimazima, UPS, batire yogwirizira kompyuta magetsi akazima, ndi yofunika.

Fumbi la m'chilimwe ndi phulusa la nzimbe zowotchedwa zimamatirira pa tizitsulo tija mpaka kukhala ngati bulangeti. Bokosi lisakhale pansi, likhale patebulo, motalikirana ndi khoma. Mwezi uliwonse zimitsani, zulani pulagi, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, kenako pemererani.

Mukamagula yakale, dziwani kuti ma RX 580 ambiri anagwirapo ntchito yokumba ndalama za pa intaneti za crypto usana ndi usiku, paste yake inauma. Tsegulani pulogalamu yoonetsa zam'kati mwa khadi yotchedwa GPU-Z muone ngati chip ndi dzina zikugwirizana, ndipo sewerani gemu yolemera kwa theka la ola musanapereke ndalama. Pakaoneka timizeremizere kapena timadontho pa sikirini, isiyeni.

Wokonza makompyuta,
Nchalo, Chikwawa