Kabichi sabereka njere chifukwa cha chibadwa chake

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri pakati pa alimi anzanga a m'madimba, loti makampani ogulitsa mbewu anachita kuthira mankhwala kabichi kuti asamabereke njere, n'cholinga choti tizibwerera kusitolo chaka ndi chaka. Ndikumvetsa gwero la mkwiyowu, pakuti kapaketi ka mbewu kakwera mtengo, koma mlandu umenewu tikuupereka kwa wosalakwa.

Aliyense amene analimapo mpiru akudziwa kuti ukangouchedwetsa kuthyola umatumphuka, n'kuchita maluwa achikasu, ndipo posakhalitsa mayi amakhala akupuntha njere pa lichero. Kabichi wa pabedi loyandikana nalo, ngakhale ali pachibale ndi mpiru, amangokulunga mutu, kenako mutuwo umang'ambika n'kuwola osaonetsa duwa ndi limodzi lomwe. Ine ndinasiyapo dala mitu isanu mpaka mvula inagwa, ndipo ndinangokolola fungo.

Kusiyanaku kuli m'chibadwa. Kabichi anachokera ku Ulaya, kumene chomera chimene chingachite maluwa chisanu chisanadutse chimataya mbewu zake zonse. Choncho ali ndi jini, kunena kachidutswa ka malangizo a chibadwa osati majini a kwa sing'anga, imene akatswiri amaitcha FLC. Ntchito yake ndi kutsekereza maluwa. Jiniyi inafotokozedwa bwino mu 1999 ndi magulu awiri a akatswiri, lina la Richard Amasino ku Wisconsin m'dziko la America ndi lina la ku Australia, pofufuza kachitsamba kapachibale ndi kabichi kotchedwa Arabidopsis. Caroline Dean ndi anzake a ku malo ofufuzira zomera a John Innes Centre mumzinda wa Norwich ku England anasonyeza kuti kuzizira kukapitirira kwa masabata angapo, jiniyi imazimitsidwa pang'onopang'ono m'maselo a chomera, ndipo imakhalabe yozima ngakhale kunja kutafunda. Apo m'pamene maluwa amatuluka. Kabichi amafuna kuzizira kosapitirira madigiri pafupifupi 10 kwa masabata ambiri, atakula kale. Kwathu kuno usiku wa mu Juni ndi Julaye umazizira ndithu, koma dzuwa la masana limafafaniza zambiri zimene usiku wachita.

Chochititsa chidwi n'chakuti mu njere yatsopano jiniyi imayakanso, moti mwana sayamba ndi chisanu chimene kholo lake linamva. Trofim Lysenko, mkulu wa zaulimi wa ku Soviet Union, ankaphunzitsa zosiyana ndi zimenezi, kuti tirigu wozizidwa amapatsira ana ake khalidwe latsopanolo, ndipo boma la Stalin litamukhulupirira, akatswiri omutsutsa anazunzidwa, kuphatikizapo Nikolai Vavilov amene anafera m'ndende mu 1943.

Sindikunena kuti makampani alibe mbali yawo. Mbewu zambiri za kabichi ndi za haibulidi, ndipo ngakhale zitabereka, njere zake sizingafanane ndi kholo. Imeneyo ndi nkhani ina, yofanana ndi ya chimanga, ndipo tisaisakanize ndi ya kuzizira.

Chibadwa chotere chimasinthika posankha mbewu mosamala. Tirigu amene amalimidwa ku Tsangano ndi ku Neno ndi wa mtundu wosadikira chisanu, chifukwa majini ake olamulira maluwa ndi osiyana ndi a tirigu wodzalidwa chisanu chisanayambe ku Ulaya. Pempho langa kwa akatswiri a ku malo ofufuzira zaulimi a Bvumbwe ndi a ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR n'lakuti ayese mitundu ya kabichi yosakhala haibulidi, yofuna kuzizira kochepa, m'malo okwera monga Dedza, Tsangano ndi mapiri a Viphya, kuti tione ngati mlimi wa kumeneko angakolole njere zogulitsa kwa anzake a kuchigwa. Alangizi nawonso atifotokozere zimenezi pamisonkhano ya m'midzi, asanabwere wina wosiya mitu isanu m'dimba monga ndinachitira ine.

Mlimi wa ndiwo zamasamba,
Ntcheu