Mphwanga wa mu labu akuthawira ku Joni

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndinene zomwe tinakangana pa bawo kuno kwa Mponda mpaka udzudzu kutibalalitsa. Mphwanga anaphunzira za mu labu, wagwira zaka zinayi pa pulojekiti ina ya kafukufuku wa malungo, kutenga magazi kwa ana, kusuzumira pa maikulosikopu mpaka maso kufiira, kenako kulowetsa zonse mu kompyuta usiku. Ndiye anationetsa pa foni salale ya munthu wa ntchito ngati yakeyo ku Basel, dziko la Switzerland, komwe kuli malikulu a makampani a mankhwala a Roche ndi Novartis, atachulukitsa ndi reti ya kwacha tonse kukamwa kunangoti yasaa.

Mkulu wina amene wakhalitsa ku Joni anati ana inu musapusitsidwe ndi maziro, ku Switzerland kumeneko renti yokha imadya munthu, inshulansi ya chipatala ndi yokakamiza ndipo umalipira wekha, palibe zokatapa usipa kwa achimwene ku doko. Ananena zoona, kungosintha madola kukhala makwacha si kuyerekeza ayi. Koma olo muchotse renti, msonkho, chakudya, mpata udakalipo waukulu zedi.

Ine ndikuona kuti nkhani ili pa mwini ndalama. South Korea imaika zoposa 4 peresenti ya chuma chake pa kafukufuku, Israel kuposa pamenepo, ndipo ku South Korea zambiri zimachokera ku makampani awo omwe ngati Samsung amene amalimbirana akatswiri, salale nkumakwera. African Union inapempha 1 peresenti yokha koma maiko ambiri a kuno sanafikepo. Kwathu kuno kafukufuku ndi wa ma dona, ntchito ya kontilakiti, thumba likauma basi nonse kunyumba. Mu 2019 Malawi ndi amene anayamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S, Ghana ndi Kenya nkutsatira, tinanyadira inde, koma katemerayo amapanga ndi kampani ya ku Britain ya GSK, fakitale yake siili kuno, ndiye ntchito zonona zipezeka bwanji kuno?

Chimene chinandiwawa kwambiri nchakuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama za pulojekiti zinkabwera mu madola koma mphwangayu anakhala miyezi yambiri akulandira makwacha omwe aja, uku sopo, mafuta ophikira, kabaza zonse zakwera. Atafunsa anangomuuza kuti bajeti inasainidwa kale.

Pano kontilakiti inatha, pasipoti watenga, akuti akakhala kwa msuweni wake ku Johannesburg ndipo olo ntchito ya mu shopu agwira. Ndikupempha a National Commission for Science and Technology, poti ndi amene amayang'anira za kafukufuku mdziko muno, kuti pulojekiti iliyonse izionetsa poyera kuti Mmalawi wa mu labu azilandira zingati komanso mu ndalama yanji, asanaipatse chilolezo.

Malume wodandaula,
Mangochi