Musanakhome malata ku Domboshava ndi ku Seke

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi abale athu a ku Mbare, Mufakose, Tafara ndi Mabvuku mu mzinda wa Harare amene atopa ndi lendi, ndipo akumanga kunja kwa mzinda. Ambiri amaganiza kuti ukangotuluka m'malire a Harare, za malamulo omangira nyumba zathera pomwepo. Malamulowo alipo, kungoti owayang'anira ndi ena. Domboshava ili m'manja mwa khonsolo ya Goromonzi, pomwe midzi ya ku Seke ili m'manja mwa khonsolo ya Manyame.

Yambani ndi malo. Lamulo la Communal Land Act limaika malo a kumudzi m'manja mwa Pulezidenti, ndipo chilolezo chokhalapo chimachokera ku khonsolo mogwirizana ndi mfumu. Sabhuku, nyakwawa ya kuno, alibe mphamvu yogulitsa nthaka. Amene anaona Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba zosavomerezeka, mu 2005 akudziwa kuti nyumba yopanda mapepala imagwetsedwa ngakhale denga lake likhale lokongola chotani.

Pa malo amene khonsolo yakupatsani, kapena pa growth point (katauni ka kumudzi), pulani ivomerezedwe musanakumbe maziko. Makhonsolo ambiri amatsata malamulo omangira a Model Building By-laws a 1977, ndipo woyendera wa khonsolo amasaina pa maziko, pa silabu, khoma likafika pa mawindo, pa wall plate (thabwa logona pamwamba pa khoma), kenako pa denga. Sungani pepala losainidwalo. Mkati mwa midzi woyenderayu safikako kawirikawiri, n'chifukwa chake mwini nyumba ayenera kudziwa yekha zoyang'ana.

Denga lolimba limayambira pa khoma. Njerwa zikatsala mizere isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu kuti zifike pamwamba, mmisiri amangirire m'khomamo hoop iron (lamba wachitsulo wopyapyala), kapena waya wosachita dzimbiri wa mamilimita 4 wopindidwa pawiri, pamalo alionse pamene padzakhale truss (chimango cha matabwa chonyamula denga). Pa denga la malata wayayo alowe pafupifupi mamilimita 600 m'khoma. Akangomukoloweka pa mzere umodzi kapena iwiri, mphepo imanyamula denga pamodzi ndi njerwa zomwezo, ndipo zimagwera amene ali m'nyumba. Wayayo azungulire truss yeniyeniyo, osati wall plate yokha, ndipo hoop iron akhomeredwe ndi misomali mbali zonse ziwiri. Khoma likatha popanda waya, kukonza kwake n'kuboola khoma kapena kuphwasula njerwa. Musalole mmisiri kukuuzani kuti "tidzaona pokhoma".

Mphepo ya mvula zoyamba, mu Okutobala ndi Novembala, sikankha denga pansi, imaliyamwira m'mwamba, ndipo imayambira pa ngodya, m'mphepete ndi pa khonde. Choncho m'malo amenewa khomani pa msana ulionse wa lata, pomwe pakati mutha kudumphitsa. Nsanamira za khonde nazo zimangidwe pansi ndi pamwamba, chifukwa khonde lotseguka ndilo limayamba kusasuka, n'kukoka denga lonse. Miyala ndi matayala amene timaona pamadenga sizigwira kanthu mphepo ikakula.

Matabwa amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi a 38 x 114 pa truss ndi 50 x 76 (m'mamilimita) pa ma purlin, matabwa opingasa okhomerapo malata. Ma truss asatalikirane kuposa mamita 1.2. Lata likachepa thupi, ma purlin ayandikirane. La mamilimita 0.3 n'lotchipa, koma limang'ambika pa mutu wa msomali, ndiye ngati thumba likulola gulani la 0.4 kapena kuposa. Msomali kapena sikuluwu ilowe pa msana wa lata, osati mu ngalande modutsa madzi, ndipo ikhale ndi washala. Malata akamalumikizana m'litali, lapamwamba liphimbe lapansi mamilimita osachepera 150, ndipo denga likakhala losatsetsereka kwambiri onjezerani. Mitengo ya bulugamu ndi yabwino, bola ikhale youma, yosendedwa makungwa, ndi yopakidwa mankhwala a chiswe mpaka modulidwa ndi sowo momwe.

Amene mukufuna kuchotsa malata n'kuika matailosi a simenti, funsani kaye ku khonsolo ndi kwa injiniya. Matailosi amalemera pafupifupi makilogalamu 50 pa sikweya mita, kuwirikiza malata pafupifupi kakhumi, ndipo matabwa akalewo amapindika, khoma la njerwa imodzi n'kuyamba ming'alu. Nawonso malata akale a asibesitosi musawadule ndi makina opukusa ali ouma, fumbi lake limawononga mapapo. Anyowetseni, muwatsitse athunthu.

Pempho lathu kwa makhonsolo n'lakuti aike poyera, m'zilankhulo zimene anthu akumva, ndalama zolipira pa pulani ndi masiku amene woyendera amafika m'dera lililonse, mvula isanagwe.

Amisiri a zomangamanga,
Harare